Sabata yofufuta ma logo pa zithunzi za mumsika

Lolemba nditangotsegula imelo ndinapeza zithunzi 14 mwa 20 zomwe ndinatumiza kumalo ogulitsira zithunzi pa intaneti zabwezedwa, chifukwa chake chimodzi pa zonse, akuti mukuoneka trademark, kutanthauza dzina kapena chizindikiro cha kampani. Ndinazijambula mumsika wa Limbe m'mamawa dzuwa likungotuluka kumene, kuwala kwake kokoma kwabasi, ndiye mtima unandiwawa ndithu.

Ine chimandidyetsa ndi kujambula maukwati ndi zinkhoswe, koma pambali ndimaika zithunzi pa intaneti kumene amagulitsa ma stock photo, aja a mtundu wa Shutterstock, Adobe Stock, Alamy. Munthu ali ku London akufuna chithunzi cha mayi ogulitsa tomato kuno amalipira chilolezo, ine nkulandirako kangachepe. Zilolezo zikuluzikulu ndi ziwiri, commercial ndi editorial. Commercial ndi yoti wogulayo achiika pa malonda ake, pa bilibodi, pa paketi, paliponse. Ndiye taganizani kumbuyo kwa mayi aja kukuoneka ambulera yofiira ya Airtel Money, wogula chithunziyo nkukhala kampani ina ya mafoni, si milandu imeneyo? Chithunzi ndi changa inde, Copyright Act ya 2016 ikunditeteza, koma dzina ndi chizindikiro cha kampani zili ndi eni ake ndipo ine sindingagulitse chomwe si changa.

Lachiwiri lonse linathera pa laputopu kukuza chithunzi chilichonse nkumasanthula ngodya ndi ngodya. Abale inu, tauni yathu ndi yodzadza ma logo! Kapositala kobiriwira ka TNM Mpamba pa khoma la hokala, chizindikiro cha Toyota kutsogolo kwa minibasi, mnyamata wa kabaza wavala thirakisuti ya mizere itatu, mizere yokhayo ngakhale popanda mawu ndi Adidas kale. Chomwe chinandidyera nthawi ndi botolo. Pali chithunzi china cha mandasi m'beseni, pambali pali botolo lagalasi la Coca-Cola mame ali waa, ndinafufuta mawu onse bwinobwino nkumati basi zatheka, kenako nditabwerera m'mbuyo pang'ono kuliyang'ana ndinaona kuti ngakhale mwana wa sitandade 1 alitchula dzina. Maumbidwe ake aja, kachiuno kaja, anayamba mu 1915 ndipo nawonso ndi otetezedwa. Lamulo langa tsopano ndi loti ngati chinthu chikudziwikabe ndi cha ndani mawu atachoka, sichipita ku commercial.

Lachitatu ndinabwerera ku zithunzi zoyambirira zija zosafufuta kanthu nkutumiza zisanu ndi zinayi ngati editorial. Kumeneko ma logo amaloledwa chifukwa chithunzi chimapita ku nyuzi, m'mabuku a sukulu, osati kukatsatsira malonda. Koma mfundo yake yatembenuka, suloledwa kufufuta kanthu ngakhale kamodzi, ndipo umalemba malo, tsiku ndi zomwe zikuchitika. Kunena zoona zimenezi ndiye ndimazikonda, Limbe weniweni ndi ameneyo, wa makoma opentedwa mitundu ya makampani. Kungoti kwa ine zimayenda pang'onopang'ono pogulitsa.

Lachinayi ndinakajambulanso mandasi, ulendo uno pakhomo pa mayi ena oyandikana nawo nyumba amene amaphika daily. Anatuluka atavala chitenje cha msonkhano wa kutchalitchi, chokhala ndi baji ndi mawu.

"Amayi, pepani, mulibe china chopanda zolemba?"

"Iii mwana wanga, ichi ndiye chatsopano, ukufuna andione azungu nditavala sanza?"

Anasintha ndithu, koma nachonso chachiwiricho chinali ndi maluwa ojambulidwa mwaluso, ndipo zojambula za pansalu zimakhala ndi mwini wake, ndiye tinagwirizana za epuloni yoyera. Thumba la ufa tinalitembenuza, mafuta tinatsanulira m'kapu ya chitsulo. Kenako model release, kapepala kosainira kuti alola nkhope yawo igwiritsidwe ntchito. Kamalembedwa m'Chingerezi ndiye ndinakhala nawo pa mkeka kuwamasulira mzere ndi mzere, mpaka kuwauza poyera kuti mwina tsiku lina adzadziona pa malonda a banki kunja ndipo sadzalandiranso kanthu kupatula zomwe tagwirizana lero. Anakhala chete kanthawi, anafunsa ngati angawaike pa malonda a mowa, tinakambirana, kenako anasaina. Munthu asasaine chinthu asanachimve, apa pokha sindithamanga.

Lachisanu anandiimbira bambo ena a shopu ya zakumwa kuti awona cha botolo chija pa status yanga, akuchifuna pa positala yawo. Ndinati bambo chimenecho ndi cha editorial, koma ndibwera ndidzajambule shopu yanu ndi katundu wanu, za ma logo mufunse kaye amene amakupatsani katunduyo. Anadandaula kuti ndikuvutitsa zinthu zosavuta, ena amangotenga pa Google. Ndinawayankha kuti zomwe amatenga pa Google zo nthawi zina zimakhala zanga.

Madzulo ake imelo inalowa, za mandasi zadutsa zonse kupatula chimodzi. Ndakuza pakona, kaselula ka amayi kanali pa mpando, dzina lake likuwerengeka bwinobwino.