Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 4: Chaka Chimene Ndinadumpha Sitandade 3

Anzanga akamakumbutsana za Sitandade 3, ine ndimangomvetsera. Kalasi imeneyi ndinangoilawa masamu okha.

Chakumapeto kwa 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi mvula ikagwa. M'dziko lonse chiwerengero chinachoka pa ana pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Kwathu ku Dedza, ife a Sitandade 2 anatitulutsa m'chipinda n'kutipatsa mthunzi wa mkuyu, bolodi ataliyedzamiritsa pa thunthu.

Kuwerenga ndinali nditakudziwa kale. Agogo anga maso anali atayamba kuchita chidima, choncho madzulo ndinkawawerengera Baibulo pafupi ndi koloboyi, iwo n'kumandikonza pamtima. Masamu ndinaphunzirira m'mbali mwa msewu wa M1, pobweza chenje amayi akamagulitsa kachewere. Ndiye m'kalasi ndinkamaliza ntchito anzanga asanalembe n'komwe deti, kenako n'kuyamba kucheza ndi kusokoneza ena.

Aphunzitsi athu, mayi wodekha kwambiri, sanathyole chikwapu. Anandiitana pambali.

"Iwe, nthawi ya masamu ikakwana uzinyamula kope lako, uzipita ku Sitandade 3. Akamaliza uzibwerera kuno."

Mpaka lero ndimati palibe amene anandimvetsa ngati mayi ameneyu. Mutu wanga unkapeza chakudya chake, kuchulukitsa ndi kugawa, koma pa buleki ndinali ndi amsinkhu wanga, tikusewera phada ndi kugawana chimanga chokazinga. Miyezi imeneyo ndinkadzuka ndekha, ngakhale mu Juni chisanu cha ku Dedza chikuluma zala.

Chaka chikutha, ahedi anaitanitsa amayi.

"Mayi, mwanayu akutaya nthawi. Timudumphitse, akalowe Sitandade 4."

"Ahedi, odziwa ndinu," anatero amayi, manja ali pamiyendo, nkhope ikuwala.

Agogo okha ndiwo anakayika. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukuthamangira kuti naye mwanayu?" Palibe anawayankha. Inenso palibe anandifunsa, ndipo ichi ndi chimene chimandipwetekabe.

Mu Sitandade 4 ndinalowa ndili ndi zaka 9. Ndinakhala pakati pa atsikana a zaka 13 ndi 14, ena obwereza, ena oyamba sukulu mochedwa. Nkhani zawo ankazidula ndikayandikira. Posankhana matimu a fulaye ndinkatsala ndekha, ati "kamwanaka kangotigwetsa." Masamu ndinkakhozabe. Chimene aliyense anaiwala n'chakuti dzanja langa linali lidakali la mwana wa Sitandade 2. Aphunzitsi akadzaza bolodi, anzanga ankamaliza kukopera ine ndili pakati, ndipo ankafufuta ndikuona. Makope anga a chaka chimenecho anali odzaza ndi mizere yothera panjira. Kangapo ndinakalirira kuseri kwa chimbudzi, n'kupukuta misozi ndi kolala ya yunifolomu kuti asandiseke.

Kunyumba sindinkanena kanthu. Amayi anali atauza kale mudzi wonse kuti mwana wawo anamudumphitsa, ndiye ndikanayambira pati?

Ndinakhozabe, ndinakhala nambala 6. Kutsogolo kunali Sitandade 5, kumene masiku amenewo maphunziro onse, kupatula phunziro la Chichewa, ankasiya Chichewa n'kuyamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi. Zimene zinandichitikira tsiku loyamba kumeneko ndikuuzani m'gawo lotsatira.