Mmene ndimapangira ma thumbnail mu Django, ndi chifukwa chake sindifuna alowe mkati mwake

Django, chida cha Python chopangira mawebusaiti, siipanga ma thumbnail, tizithunzi tating'ono topangidwa kuchokera ku chithunzi chachikulu, tiyambire pamenepo chifukwa ambiri amene angoyamba kumene amaganiza kuti ukangoika ImageField mu model basi zatheka. Ntchito ya ImageField ndi kuona ngati fayilo imene munthu watumiza ndi chithunzidi, kuisunga mu MEDIA_ROOT, ndiye ukafuna imakulemberanso mulitali ndi mulifupi mwa chithunzicho mu height_field ndi width_field. Kupitirira apo ayi. Chithunzi chikabwera cha 4000 kwa 3000 kuchokera pa foni, chimapita kwa wowerenga momwemo, ngakhale pa tsamba chikuoneka kakang'ono ngati chikhadabo.

Ine ndimakonza tsamba la nyumba za lendi, eni nyumba amajambula okha ndi foni n'kupanga upload, chithunzi chimodzi 3 kapena 4 MB sizachilendo. Ndiye tangowerengani, tsamba limodzi likuonetsa nyumba 20, chilichonse 4 MB, ndi 80 MB imeneyo, munthu wagula bandulo ya tsiku kuti asake nyumba ndiye inu mwamuthera yonse asanaone n'komwe bafa. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa cha zimenezi.

Choyamba ndimainstola Pillow, laibulale ya Python yotsegula ndi kukonza zithunzi, popanda iyo ImageField siigwira n'komwe ntchito, Django imakukanirani pomwepo. Ukakhala nayo Pillow mtima umakuuza kuti ungolemba wekha mu save ya model, utsegule chithunzi, uitane thumbnail, usunge, mizere isanu basi. Zimagwiradi ntchito. Koma tsiku limene wokonza maonekedwe a tsamba anena kuti tizithunzi tikhale 400 osati 300, zithunzi zonse zakale zimafuna kupangidwanso, ndipo save imaitanidwa ngakhale munthu wangosintha mtengo wa lendi, ndiye uyenera kulembanso zoona ngati chithunzi chasinthadi, mapeto ake wayamba kulemba laibulale imene anzako analemba kalekale. Njira imeneyo ndinaisiya.

Zimene anthu amagwiritsa ntchito kwambiri zilipo zitatu, sorl-thumbnail, easy-thumbnails ya Chris Beaven, ndi django-imagekit. Ine ndinatenga sorl chifukwa kukula kwa kachithunzi umakunena mu template momwemo, komanso nthawi imeneyo inali m'manja mwa Jazzband, gulu limene linkasamalira ma pakeji pamodzi kuti asafe mwini wake akatopa. Ndiye pip install sorl-thumbnail, kenako sorl.thumbnail mu INSTALLED_APPS, kenako migrate, musaiwale migrate anzanga chifukwa ili ndi tebulo lake mmene imalemba kuti kachithunzi aka kanachokera ku chithunzi chiti. Mu template mumaika load thumbnail pamwamba kenako chonchi:

{% thumbnail nyumba.chithunzi "400x300" crop="center" as im %}

Mkati mwake mumaika img yotenga im.url, im.width ndi im.height, n'kutseka ndi endthumbnail. Width ndi height ziikeni ndithu, zimathandiza kuti tsamba lisamadumphedumphe pamene zithunzi zikuloda pa netiweki yofooka.

Mukatsegula tsamba n'kupeza palibe chithunzi, palibenso error, musadabwe. THUMBNAIL_DEBUG imabwera ili False, ndiye chikavuta imangokhala chete. Pa kompyuta yanga ndimaiika True, pa seva imakhala False. Ndimasinthanso ziwiri, THUMBNAIL_QUALITY imabwera pa 95 pomwe pa kachithunzi ka 400 maso saona kusiyana ndi 75 kapena 80 koma fayilo imachepa kwambiri, ndi THUMBNAIL_UPSCALE imene ndimaizimitsa kuti chithunzi chaching'ono kale chisakokedwe n'kuoneka chimbuuzi.

Pomwe pamafuna kudekha ndi apa. sorl imapanga kachithunzi nthawi imene munthu woyamba watsegula tsamba, osati nthawi ya upload. Ndiye woyambayo amadikira seva itsegule zithunzi zazikulu 20 chimodzichimodzi, pa seva yotchipa ya RAM yochepa ukhoza kuona gunicorn, pulogalamu yoyendetsa Django pa seva, yadula pempholo likadali pakati. Otsatira ake zimawayendera bwino chifukwa tizithunzi takhala kale mu foda ya cache. Chimene ndimachita, chithunzi chikangosungidwa ndimatumiza ntchito ku Celery, pulogalamu yogwira ntchito kumbali munthu asakudikira, kuti iitane get_thumbnail ndi miyeso yomweyo imene ili mu template, ikhale yofanana ndendende, ikasiyana pang'ono sorl imaona ngati ndi kachithunzi kena n'kuyambanso. Ngati mulibe Celery ingoitanani pomwepo pa upload, bola adikire mwini nyumba amene akudziwa kuti akutumiza chithunzi kusiyana ndi mlendo.

Kenako a iPhone amabwera ndi zithunzi za mtundu wa HEIC. Pillow payokha siitsegula, fomu imangonena kuti si chithunzi, munthu n'kumadabwa poti pa foni pake chikuoneka bwinobwino. Pamafunika pillow-heif, muitane register_heif_opener pulogalamu ikamayamba, kachithunzi kamatuluka ngati JPEG ndipo aliyense amakaona. Chinanso chimene ndimasamala nacho, chithunzi cha pa foni nthawi zina chimakhala ndi GPS mkati mwa EXIF (zolembedwa zobisika mu fayilo ya chithunzi), malo enieni a nyumba ya munthu. Tizithunzi totuluka sitinyamula zimenezo, koma choyambiriracho chili nazo, ndiye ine sindiika linki yopita ku choyambirira, ndimapanga china cha 1200 cha amene akufuna kuona chachikulu.

Ukafika apa ndi pomwe funso limabwera, bwanji Django osangoika zonsezi mkati? Ndipo funsolo ndi lomveka. Django inabadwira ku nyuzipepala, Lawrence Journal-World ya ku Kansas, inatulutsidwa kwa anthu mu 2005, ndipo nyuzipepala ndi zithunzi zokhazokha. Ili ndi admin, ili ndi login, ili ndi ma fomu. Rails inaika Active Storage mu 5.2 chaka cha 2018 ndipo ma variant ali momwemo, WordPress nayo ukangoika chithunzi imakupangira ka 150 kwa 150 osafunsa. Munthu watsopano amavutikadi kusankha pakati pa ma pakeji atatu asakudziwa kusiyana kwake, zimenezo sindikana.

Komabe ine ndimati zikhale panja, ndipo chinanditsimikizira ndi 2023. Mu July chaka chimenecho Pillow 10 inachotsa Image.ANTIALIAS, dzina limene ankagwiritsa ntchito pochepetsa chithunzi, ma pakeji ambiri a zithunzi anathyoka, koma kukonza kwake kunali kusintha kupita ku LANCZOS n'kutulutsa version ina, osadikira wina aliyense. Mu September momwemo panapezeka bowo loopsa la chitetezo mu libwebp, laibulale yotsegula zithunzi za mtundu wa WebP, Pillow inatulutsa 10.0.1 mwachangu. Zinthu za zithunzi zimathamanga choncho, lero WebP, mawa AVIF, uku HEIC. Django imayenda mwa dongosolo lina, version yatsopano miyezi 8 iliyonse, LTS, version yosamalidwa nthawi yaitali, imasamalidwa zaka 3, ndipo chimene chalowa mkati sichisinthidwa mwachisawawa chifukwa anthu ambirimbiri akuchidalira. Kudekha kumeneko ndi kumene ndimaikondera, ndiye sindifuna ikanyamule katundu amene amafuna kusinthidwa pafupipafupi. Anayesapo kale kunyamula zambiri, comments ndi formtools zinali mkati koma pofika 1.8 mu 2015 zinatulutsidwa kukhala ma pakeji apadera.

Ena amati nanga migrations, njira yosinthira ma tebulo a database, bwanji, si inali pakeji yotchedwa South panja kenako Andrew Godwin anailowetsa mu 1.7 chaka cha 2014? Zoona, koma kusintha ma tebulo kumafunika pa pulojekiti iliyonse ndipo njira imodzi imakwanira onse. Zithunzi ayi. Wina amapanga pa upload, wina pa template, wina safuna n'komwe Python ikhudze chithunzi amangoika imgproxy kapena thumbor kutsogolo, wina amalipira Cloudinary. Django ikasankha imodzi enawo adzakhalabe akuinstola zawo. Chimene ndingakonde n'choti pa tsamba la ImageField alembe poyera kuti tizithunzi sitipanga, n'kulozera anthu koyambira.

Chotsala ndi kuyeretsa. Kuyambira 1.3 Django siifufuta fayilo pamene mwafufuta mzere mu database, ndiye nyumba ikatengedwa n'kuchotsedwa pa tsamba chithunzi chake ndi tizithunzi take timatsalabe mpaka disiki kudzadza. sorl ili ndi delete yake imene imachotsa chithunzi, tizithunzi ndi zolembedwa zake pamodzi, ine ndimaiitana mu post_delete, ndipo kamodzi pa sabata cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, imayendetsa manage.py thumbnail cleanup kuti ichotse zolembedwa za mafayilo amene kulibenso.