Dengu la Lachinayi Lililonse

Lachinayi lililonse madzulo ndimapita kukatenga dengu langa la ndiwo zamasamba ku famu yaing'ono ya banja lina lachikhristu, ndipo chino ndi chaka changa chachitatu ndikuchita zimenezi. Zimene zili m'dengumo sindisankha ndine. Ndalama ndinalipiriratu mbewu zisanafesedwe n'komwe, pamodzi ndi mabanja ena a m'gulu lathu, ndipo pangano lathu ndi eni famuyo ndi lakuti sabata iliyonse azikolola zimene zakhwima n'kuzigawa mofanana kwa tonsefe, kaya munda wabereka zochuluka kaya wabereka zochepa. Anthu akamva za dongosololi koyamba amandifunsa kuti munthu wanzeru zake angalipire bwanji chinthu chimene sanachione, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa nanenso ndinadzifunsa funso lomwelo m'chaka choyamba, makamaka m'masabata amene tomato anakanika.

Njira imeneyi sinayambire pa famu yathuyi ayi. Ku Japan, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, magulu a amayi amene ankada nkhawa ndi mankhwala othira m'minda anayamba kugwirizana ndi alimi mwachindunji, ndipo mgwirizano wotere unatchedwa teikei. Bungwe la Japan Organic Agriculture Association, lomwe linakhazikitsidwa mu 1971, ndi limene linaulimbikitsa kwambiri. Pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland, gulu la Les Jardins de Cocagne linayamba mu 1978, ndipo mu 1986 mafamu awiri a ku United States, Indian Line Farm ku Massachusetts ndi Temple-Wilton Community Farm ku New Hampshire, anali akugawa ndiwo zamasamba kwa anthu olipiriratu. Ku France magulu ofanana ndi amenewa, otchedwa AMAP, anayamba mu 2001. Mayiko ndi osiyana, koma vuto limene onsewa ankalimbana nalo ndi limodzi. Mlimi wa ndiwo zamasamba amafunika ndalama zambiri poyamba pa nyengo, zogulira mbewu, manyowa ndi zipangizo zothirira, pa nthawi imene alibe choti agulitse, ndipo zinthu zikakhwima amapeza kuti alimi anzake onse ali ndi zomwezo, mitengo yatsika, pamene masamba sangawasunge m'nkhokwe kudikira kuti mtengo ukwere monga achitira ndi mbewu zouma. Kulipiriratu kumam'patsa ndalama pa nthawi imene akuzifunadi, komanso kumam'dziwitsa chiwerengero cha anthu amene akuwalimira.

Ndisanalowe m'gululi ndinkaona ngati ndiwo zamasamba zilibe nyengo, popeza m'masitolo akuluakulu tomato ndi letesi amapezeka chaka chonse atandandalikidwa pa shelefu imodzi. Dengu silitero. M'nyengo yozizira limabwera lobiriwira lokhalokha, muli letesi, sipinachi, kabichi, nsawawa, ndipo pansi pake pali karoti, bitiruti ndi radishi. Mbewu zimenezi zimakonda kuzizira, moti karoti wokumbidwa m'masiku ozizira kwambiri amakhala wotsekemera kuposa wa nthawi ina, chifukwa chomeracho chimaunjika shuga mu muzu wake kukazizira. Kukayamba kutentha, letesi amasiya kupanga masamba n'kutulutsa tsinde lalitali la maluwa, masamba ake amayamba kuwawa, ndipo sipinachi amachita chimodzimodzi. Apa dengu limasintha mtundu, n'kudzaza ndi nkhaka, zitheba, tsabola, mabiringanya, tomato, ndipo kumapeto kwenikweni maungu.

Pakati pa nyengo ziwirizi pali masabata awiri kapena atatu amene dengu limapepuka, pamene zokonda kuzizira zatha koma zokonda kutentha zikadali maluwa, ndipo ndi m'masabata amenewa mmene luso la mlimi limaonekera. Mayi a pa famuyo ali ndi kope lakale limene amalembamo tsiku lofesa mbewu iliyonse, ndipo amawerengera chobwerera kuchokera pa Lachinayi limene akufuna kuti mbewuyo idzalowe m'dengu. Radishi amakhwima mwezi usanathe, zitheba zimatenga masiku 50 mpaka 60, kabichi pafupifupi miyezi itatu, maungu miyezi itatu kapena inayi, pamene adyo amakhala m'nthaka miyezi 8 kapena 9. Letesi ndi zitheba safesa zonse tsiku limodzi, koma pang'onopang'ono, bedi limodzi masabata awiri aliwonse, kuti zisakhwimire pamodzi n'kutipatsa mulu wosatheka kudya sabata ino koma osatipatsa kanthu sabata yamawa. Nditaona kopelo ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa ndinkaganiza kuti kulima masamba ndi kufesa, kuthirira ndi kudikira basi.

Aliyense wa m'gulu amapemphedwa kukathandiza kukolola kamodzi pa nyengo, ndipo tsiku langa linafika kukadali chisanu. Tinayamba dzuwa lisanatuluke, mame ali chonyowetsa nsapato, ndipo Bambo mwini famu anavula chipewa n'kupemphera mwachidule, kuthokoza chifukwa cha tsikulo ndi kutchula banja lina la m'gulu limene linali ndi wodwala. Kenako anandipatsa kampeni kakuthwa n'kundionetsa podula letesi, pansi penipeni pa tsinde, ndi kusadzula masamba akunja othimbirira n'kuwasiya pa bedi pomwepo. Masamba amayamba kukololedwa chifukwa m'mawa amakhala atamwa madzi usiku wonse, ali gwa, ndipo akangodulidwa amawaviika m'beseni la madzi ozizira n'kuwaika pamthunzi, popeza kutentha kwa m'munda kukatsalira m'tsamba limafota msanga. Nditafuna kulowa m'mizere ya nsawawa anandiletsa, akunena kuti mbewu zoterezo, monganso zitheba ndi tomato, sazikhudza zikadali zonyowa, chifukwa manja ndi zovala zimanyamula matenda kuchoka pa chomera china kupita pa chinzake. Pofika chakumasana zonse zinali pansi pa shedi, Mayi ali pa sikelo kuyeza karoti, ana awo akumanga mitolo ya sipinachi n'kumaiwerenga mokweza kuti dengu lililonse lilandire mtolo wofanana ndi la mnzake. Msana wanga unandipweteka masiku awiri, ndipo kuyambira pamenepo sindinatayenso tsamba la letesi chifukwa chongoti lapindika m'mbali.

Nkhani ya tomato inachitika m'chaka choyamba chomwecho. Tinamudikira nthawi yaitali, tikumuona akukula pa mitengo yake nthawi zonse tikapita kukatenga madengu, ndiye kunabwera masiku angapo otsatizana a mvula yamawawa ndi nkhungu, kukuzizira usiku. Sabata imene tinkayembekezera tomato woyamba tinapeza m'dengu muli nkhaka, zitheba ndi anyezi wamasamba, ndipo sabata yotsatira zinali zomwezo. Ndinapita kwa mwini famu nditakwinya nkhope.

"Bambo, nanga tomato uja ali kuti? Paja tinalipira kale."

"Zoona munalipira," anayankha modekha. "Tabwerani mudzaone nokha."

Mizere yonse inali ngati yawauka ndi moto. Masamba anali ndi mawanga akuluakulu akuda, pansi pake pali nkhungu yoyera, tsinde lada, ndipo tomato wamuwisi anali ndi zigamba zofiirira zolimba. Anali matenda a chiwawu, amene amayamba ndi kachilombo kotchedwa Phytophthora infestans, komwe kanawononga mbatata ya kachewere ku Ireland kuyambira mu 1845 n'kubweretsa njala imene inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Kachilomboka kamafala ndi mphepo, kamakonda nyengo yachinyezi ndi yozizirirapo, ndipo kangathe kumaliza munda wonse m'sabata imodzi kapena ziwiri. Bambowo anali atayamba kale kuzula zomerazo n'kuziika m'matumba, osati pa dzenje la kompositi, kuti matendawo asafike pa mbatata yawo kapena m'minda ya anzawo oyandikana nawo. Anandiuza kuti akanakhala kuti amalimira msika, chaka chimenecho akanabwerera m'mbuyo kwambiri, chifukwa tomato ndiye mbewu imene imabweza ndalama zambiri pa famu yaing'ono. Ndinaima pamenepo n'kuzindikira kuti chimene ndinagula sichinali tomato, koma gawo la munda, ndipo gawo la munda limabwera ndi chiwawu chake. Kutayako kunagawika pa mabanja onse a m'gulu, aliyense n'kusowa tomato masabata angapo, m'malo moti kugwere banja limodzi lokha.

Za chikhristu cha famuyi ndiyenera kunena mosamala, chifukwa dzina lachikhristu likalembedwa pa malonda ndimayamba kukayikira, ndipo kabichi wa Mkhristu sasiyana kakomedwe ndi wa munthu wina aliyense. Sanandilalikirepo potenga dengu, ndipo m'gulu lathu muli anthu a zipembedzo zina ndi ena osapembedza. Chikhulupiriro chawo ndimachiona m'kayendetsedwe ka ntchito. Lamulungu sakolola, ngakhale nkhaka zimakula msanga moti kuzisiya tsiku limodzi kumachititsa kuti zina zikulitse n'kukhala ndi njere zolimba. Amangothirira mbande za ku nazale kuti zisafe, basi. Pa madengu amene amalongedza sabata iliyonse pamakhala ena owonjezera opita kwa mabanja amene sangathe kulipira, ndipo madengu amenewa saikidwa padera kapena kulembedwa chizindikiro, moti wobwera kudzatenga sadziwika kuti ndi wolipira kapena ayi. Mayi anandiuza kuti mfundoyi anaitenga pa Levitiko 19, pamene mlimi akulamulidwa kusakolola mpaka m'malire mwa munda ndi kusatola khunkha, koma kuzisiyira osauka ndi alendo, lamulo limene Rute anapulumukira nalo m'munda wa Boazi. Chimene chinandikhudza n'chakuti m'chaka cha chiwawu chija madengu owonjezerawo sanachotsedwe, ngakhale kuwachotsa kukanalemeretsa pang'ono madengu a ife olipira.

Amapumitsanso nthaka. Chaka chilichonse chigawo chimodzi cha munda sichibzalidwa ndiwo, koma mbewu za mtundu wa nyemba zongophimba nthaka, zimene pambuyo pake amazikwirira. Iwo amatchula lamulo la pa Eksodo 23 ndi Levitiko 25 lopumitsa munda chaka chachisanu ndi chiwiri, ngakhale amavomereza kuti salitsata ndendende monga linalembedwera, popeza amapumitsa chigawo ndi chigawo osati munda wonse nthawi imodzi. Alangizi a zaulimi angafotokoze zomwezo m'mawu ena: m'mizu ya mbewu za nyemba muli timibulu tokhala ndi mabakiteriya amene amatenga nayitirojeni wa mumpweya n'kumuika m'nthaka, ndipo kasinthasintha wa mbewu amadula mzere wa matenda ndi tizilombo. Tomato, tsabola, mabiringanya ndi mbatata ya kachewere ndi banja limodzi, choncho pa famuyi sazibwereza pa bedi lomwelo mpaka patapita zaka zitatu kapena zinayi.

Sindinganame kuti dongosololi lilibe zotopetsa. Pali masabata amene kabichi amabwera wamkulu ngati mutu wa munthu, kabichi wa sabata yatha asanathe, ndipo ndinaphunzira kugawira anansi ndi kufunsa Mayi kasungidwe ka chinthu chilichonse: masamba m'firiji atakulungidwa m'nsalu yonyowa, karoti atadulidwa masamba kuti asayamwe madzi a mu muzu, tomato pa tebulo chifukwa kuzizira kwa firiji kumamuchotsa kakomedwe. Munthu woyendayenda, kapena amene saphika kawirikawiri, angataye zambiri. Vuto lalikulu koposa ndi kulipira nyengo yonse nthawi imodzi, chinthu chimene mabanja ambiri sangakwanitse, ndipo ngakhale eni famuyi amalola ena kulipira pang'onopang'ono, ndikuona kuti funso limeneli gulu lathu silinaliyankhe mokwanira. Tinakambirana zoti opeza bwino azilipira zochulukirapo kuti ena alipire zochepa, koma ena anakana, ndipo nkhaniyo ikadali pa tebulo.

Dengu lomaliza la nyengo ndi lolemera kuposa onse, chifukwa mumakhala zinthu zosungika. Anyezi amakhala atauma pamthunzi masabata awiri kapena atatu mpaka khosi lake litafota ndipo khungu likuchita phokoso ngati pepala, maungu amadulidwa ndi kachitsinde kake kuti asawole msanga, ndipo adyo amabwera atalukidwa m'nkhata. Chaka chino Mayi anapatula mitu ya adyo yaikulu kwambiri, imene ndinkaiyang'ana ndi diso ladyera, n'kunena kuti imeneyo si yodya koma ndi mbewu, popeza kachidutswa kakakulu ndi kamene kamabereka mutu waukulu. Ndinalembetsa dzina langa la nyengo ikubwerayi pa tebulo lomwelo, pafupi ndi sikelo, ndipo pa tsiku lothandiza ndinasankha lobzala adyo, amene adzalowe m'madengu athu pakatha miyezi 8 kapena 9 ngati nthaka siidzanyowa mopitirira.