Mmene tinafukulira mtumbira wakale ku Wiltshire

Ntchito yofukula manda a anthu amene anamwalira zaka 4,000 zapitazo imayambira pa mapepala, fosholo imabwera pambuyo. Anzanga ena ochokera kumudzi amene akuphunzira kuno ku England akhala akundifunsa njira imene munthu amadutsa kuti afike pokhudza mafupa ndi katundu wa m'manda otere. Ine ndinaidutsa ndili wantchito wamng'ono pa kampani ina yofukula zakale, pa munda wina ku Wiltshire, dera la kumwera kwa England, pomwe ankafuna kumangapo nyumba.

Mitumbira ya kuno ili mitundu iwiri ikuluikulu. Pali yaitali, monga wa ku West Kennet pafupi ndi Avebury, womangidwa cha m'ma 3650 Khristu asanabadwe, wotalika pafupifupi mamita 100, ndipo m'zipinda zake za miyala munapezeka mafupa a anthu oposa 30. Ndiye pali yozungulira, yomwe yambiri ndi ya pakati pa 2400 ndi 1500 Khristu asanabadwe, nthawi imene anthu a kuno anayamba kusula mkuwa ndi golide. Wathuwo unali wozungulira, ngakhale mukanafika pamundapo simukanaona kanthu, chifukwa makasu olimira anausalaza kalekale. Chinatsala ndi ngalande imene eniake anakumba mozungulira potenga dothi lounjikira mtumbirawo. Ngalandeyo inadzaza ndi dothi lakuda losunga chinyezi, motero mvula ikasowa, tirigu womera pamwamba pake amakhalabe wobiriwira pamene wina wauma, ndipo wojambula ali m'mwamba amaona mkombero. Mu 2018, kutachita ng'amba kuno, mikombero yambiri yotere inaonekera.

Kuyambira mu 1990, ndondomeko ya boma pa zomangamanga imati amene akufuna kumanga ndiye alipire kafukufuku wa zakale zimene zili pansi pa malowo. Katswiri wa zakale wa khonsolo amanena zoyenera kuchitika, kampani yofukula imalemba dongosolo lonse la ntchito, ndipo iye akalivomereza m'pamene anthu amapita kumunda. Poyamba anzathu anayenda m'mundamo ndi makina otchedwa magnetometer, omwe amazindikira pamene dothi linakumbidwapo kale, ndipo mkombero uja unatuluka bwino pa kompyuta, ndi kadontho kakuda pakati. Ukanakhala mtumbira woimirira wotetezedwa ndi lamulo la 1979, kuukumba popanda chilolezo chapadera ukanakhala mlandu, ndipo chilolezo choterocho sichiperekedwa wamba.

Kadontho kaja kanatanthauza kuti mwina pali munthu. Apa pamafunika chilolezo china chochokera ku Unduna wa Zachilungamo, potsatira lamulo la maliro la 1857. Chimalamula kuti mafupa agwiridwe mwaulemu, malowo atchingidwe kuti odutsa asamaone, ndipo chimanena kumene mafupawo adzathere, kaya kukaikidwanso m'manda kapena kusungidwa ku myuziyamu. Ine lamuloli ndinalimva msanga, chifukwa kwathu sumangolowa kumanda popanda mfumu kudziwa. Tinamanga mpanda wa nsalu, ndipo palibe amene ankaloledwa kuika zithunzi za mafupa pa Facebook.

Makina okumba anachotsa dothi lapamwamba pang'onopang'ono, mmodzi wa ife ataima pambali kuyang'anitsitsa kuti woyendetsa asapitirire. Pansi pa Wiltshire pali mwala woyera wa choko, choncho chilichonse chimene munthu anakumba kale chimaoneka chakuda pa choyera. Tinapala malo onsewo ndi makasu ndi tizitsulo ta m'manja mpaka ngalande ndi dzenje la pakati zinaoneka bwinobwino. Kenako manambala. Dzenje lenilenilo limalandira nambala yake, dothi lililonse lodzaza m'dzenjemo nambala yake, mafupa nambala yawo, ndipo nambala iliyonse ili ndi pepala lofotokoza mtundu wa dothi, kukula kwake, chimene chili pamwamba pake ndi chimene chili pansi pake. Njira yosanja manambalawa kuti aonetse chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira anaikonza Edward Harris mu 1973, ndipo aliyense wofukula kuno amaigwiritsa ntchito. Ngalande sitinaikumbe yonse nthawi imodzi, tinkaidula m'zigawo n'kujambula khoma la chigawo chilichonse kuti tione mmene inadzazikira. Pansi penipeni tinapeza nyanga ya nyama ya mtundu wa gwape yotchedwa red deer, yothethereka kunsonga, chida chimene eniake ankakumbira choko.

Manda enieniwo ndiwo anatitengera nthawi. Dothi limachotsedwa pang'ono kwambiri, ndipo fupa likangoonekera, chitsulo chimaikidwa pambali, mumatenga timitengo ndi tiburashi. Tinavala magolovesi ndi zotchinga kukamwa kuti DNA yathu isasakanikirane ndi ya malemuyo. Anagonekedwa cham'mbali, mawondo atapindidwa kufika pachifuwa, monga mmene anthu ambiri a nthawi imeneyo ankaikidwira. Cha kumapazi kunali mphika wa mtundu wotchedwa Beaker, wooneka ngati belu lozondoka, wokongoletsedwa ndi mizere yodindidwa dongo lisanaume. Kumsana kwake kunali nsonga za mivi za mwala wolimba wotchedwa flint zitaunjikana pamodzi.

Mtima umafuna kutola mphikawo nthawi yomweyo, koma lamulo la pantchito ndi loti palibe chosuntha chisanajambulidwe ndi kamera, chisanajambulidwe pamanja pa pepala la miyeso, ndiponso malo ake asanayezedwe ndi GPS. Chifukwa chake chikuoneka pa nsonga za mivi zomwezi. Zikaunjikana kumsana zitaloza mbali imodzi, timaganiza kuti munali mivi m'phodo limene linaola, ndipo olira anaiika ngati mphatso. Koma munthu amene mafupa ake anapezeka mu ngalande ya Stonehenge, malo akale a miyala ikuluikulu yoimikidwa mozungulira, mu 1978 anali ndi tizidutswa ta nsonga zotere titalowa m'nthiti, kusonyeza kuti anaphedwa ndi mivi. Mwala ndi womwewo, malo ake ndiwo akusiyanitsa mphatso ndi chida chophera munthu. Wotola nsongazo n'kuziponya m'thumba wafafaniza umboni umenewu, ndipo palibe angaubwezeretse, poti manda amafukulidwa kamodzi kokha.

Kuno ku Wiltshire nkhani imeneyi amaidziwa bwino. Mu 1808 William Cunnington, mothandizidwa ndi ndalama za Sir Richard Colt Hoare, anatsegula mtumbira wa Bush Barrow ku Normanton Down, kumwera kwa Stonehenge. Munali munthu woikidwa cha m'ma 1900 Khristu asanabadwe, pachifuwa pake pali golide wosulidwa mopyapyala wa ngodya zinayi, pambali pali mipeni ya mkuwa, nkhwangwa ndi mutu wa ndodo wa mwala. Chigwiriro cha mpeni umodzi chinali chokhomedwa ndi tizikhomo ta golide tating'ono kwambiri, tomwe akatswiri amati tinali pafupifupi 140,000. Cunnington mwiniyo analemba kuti wokumba wake, John Parker, anatimwaza ndi chitsulo chake, Cunningtonyo asanatiyang'ane ndi galasi lokulitsira zinthu. Sindimunyoza Parker, anagwira ntchito mwa nzeru za nthawi yake, ndipo tizikhomoto n'tovuta kutiona ndi maso okha. Koma ndikaima pa katunduyu ku Wiltshire Museum ku Devizes, mtima umandipweteka poganiza za mitumbira mazana angapo imene anthuwa anaiboola kuchokera pamwamba, kutengamo zonyezimira n'kukwiriranso mafupa osawayeza.

Titamaliza kujambula, tinanyamula. Mphika tinaukulunga ndi bandeji, dothi lake lili momwemo, kuti akaufukule ku labotale. Mafupa a dzanja lamanja m'thumba lake, a lamanzere m'thumba lina, chimodzimodzi miyendo ndi nthiti. Dothi la pamimba, la kumutu, la m'manja ndi la kumapazi linatengedwa lonse kuti likasefedwe, chifukwa timafupa ta zala ndi mikanda yaing'ono sizioneka m'matope. M'mbali mwa ngalande tinapezanso mbiya yozondotsedwa yokhala ndi mafupa otenthedwa, ya munthu amene anaikidwa patapita nthawi mtumbira utamangidwa kale. Zotere zimapezeka kawirikawiri, mibadwo yotsatira inkabwerera pa malo omwewo kudzaika akufa awo.

Golide ife sitinamupeze, ndipo ndi mmene manda ambiri alili: mphika umodzi, timiyala tingapo, ena opanda kanthu. Tikanamupeza, lamulo la chuma chofukulidwa la 1996 likanatikakamiza kudziwitsa coroner, mkulu wofufuza za imfa m'deralo, pasanathe masiku 14. Kuyambira mu 2003, ngakhale zinthu ziwiri zamkuwa za nthawi yakale chonchi zopezeka pamodzi zimawerengedwa ngati chuma. Munthu wamba amene wazitola angathe kulandira mphotho myuziyamu ikazigula, koma wofukula pantchito salandira kanthu, ndipo ine ndimaona kuti n'zoyenera kutero.

Funso limene tinkakangana pa nthawi ya tiyi linali loti katunduyu akutiuza chiyani. Ambiri amafulumira kunena kuti wokhala ndi mivi anali mlenje, wokhala ndi golide anali mfumu. Ine ndimakayikira, chifukwa wakufa sadziika yekha. Amene anasankha choika m'dzenjemo ndi abale ndi anansi, ndipo mwina mphika unali wa amene anaphika pamaliro, mivi ya anzake. Taganizani za munthu amene kampani yofukula ya Wessex Archaeology inamupeza ku Amesbury mu 2002, woikidwa cha m'ma 2300 Khristu asanabadwe. Anali ndi zinthu pafupifupi 100: miphika ya Beaker isanu, mipeni ya mkuwa itatu, tokongoletsera tiwiri ta golide, nsonga za mivi zambiri, ndi mwala wosulirapo zitsulo. Mafupa ake anaonetsa kuti analibe fupa la pabondo lakumanzere, ankayenda motsimphina, ndipo mano ake anaonetsa kuti anakulira kufupi ndi mapiri a Alps. Miphika isanu munthu mmodzi sinali yoti amwere yonse. Ikunena za kuchuluka kwa anthu amene anafuna kuoneka pa maliro a mlendo wodziwa kusula. Katundu wakeyo ali ku Salisbury Museum.

Ntchito ya kumunda ikatha, yotsala ndi yaitali kuposa yoyambayo. Ndinakhala nawo potsuka mafupa ndi burashi yofewa ndi madzi ochepa, n'kuwayanika pa mathireyi. Katswiri wa mafupa amayang'ana chiuno ndi chigaza kuti adziwe ngati anali mwamuna kapena mkazi, mano ndi mfundo kuti ayerekeze zaka zake ndi matenda amene anadwala. Kachidutswa ka fupa kamatumizidwa kukayezedwa carbon-14, chinthu chopezeka m'zamoyo zonse chomwe theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse, ndipo apo m'pamene zaka za maliro zimadziwika. Dzino limayezedwa strontium ndi oxygen, zomwe zimalowa m'mano kudzera m'madzi ndi chakudya cha paubwana, motero zimasonyeza kumene munthuyo anakulira. DNA imasungika bwino m'fupa lolimba la mkati mwa khutu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anaonetsa kuti patapita zaka mazana ochepa anthu a miphika ya Beaker atafika ku Britain cha m'ma 2450 Khristu asanabadwe, pafupifupi 90 pa 100 ya DNA ya anthu a pachilumbachi inali itachokera kwa obwerawo. Kuyeza DNA yakale kwafikanso kwathu: mu 2017 panatuluka zotsatira za mafupa a ku Hora ku Mzimba ndi ku Fingira ku Nyika, ena mwa iwo a zaka pafupifupi 8,000.

Pomaliza pamalembedwa lipoti lophatikiza zonse, manambala aja, zojambula, ndi zimene akatswiri apeza. Limapita kwa katswiri wa khonsolo, limalowetsedwa m'kaundula wa zakale wa deralo, ndipo malipoti ambiri otere amaikidwa pa intaneti kudzera ku Archaeology Data Service ya ku York, komwe aliyense angawawerenge ulere. Mwini munda amasaina kuti wapereka katunduyo, chifukwa zinthu zosakhala chuma ndi zake mwalamulo. Kenako mabokosi, aliyense ndi nambala ya malo ofukulidwawo, amapita ku myuziyamu imene imalandira zinthu za m'deralo, ndipo womanga nyumba uja amalipira malo osungira bokosi lililonse.