Chipatala n'chaulere, koma kabaza ayi

Gulu lathu la banki mkhonde lili ndi thumba la mavuto adzidzidzi, lomwe timaponyamo kangachepe sabata iliyonse. Ine ndine msungichuma, ndiye kope lake ndimalidziwa. Mukalitsegula mupezamo maliro okhaokha: bokosi, ufa wa pasiwa, chipepeso. Munthu akamwalira ife sitichedwa, koma akamadwala timangoti "apeza bwino, tikuwapempherera."

Chaka chatha khanda la mnzathu wina wa m'gulu linayamba kukula mutu. Liwombo linatukuka n'kulimba, mitsempha ya m'mutu kuonekera, timaso tikungoyang'ana pansi. Kachipewa kamene agogo ake anamulukira kanasiya kulowa. Kusikelo anamuyeza mutu ndi tepi n'kumutumiza kuchipatala cha paboma, ndipo kumeneko anati nkhaniyi ndi ya ku Queens, ku Blantyre. Ndi matenda a madzi odzadza mu ubongo. Nthawi zambiri madokotala amaika kachubu kotsitsira madziwo m'mimba, koma mukachedwa ubongo umawonongeka, ndipo zowonongekazo sizibwerera.

Anthu ankati, "Nanga vuto n'chiyani, si zaulere?" N'zoona. Chipatala cha boma sichilipiritsa. Pa Queens pomwepo pali Mercy James, pochitira opaleshoni ana, pamene panatsegulidwa mu 2017 ndi thandizo la Madonna. Chapafupi pali Beit CURE, kumene ana opindika mapazi amawawongola kwaulere. Koma wakabaza wochotsa munthu kumudzi kukafika pamsewu safuna kumva zimenezo. Kondakitala wa minibasi chimodzimodzi. Mwana akagonekedwa, mayi sachoka pabedi, ndiye pafunika gadiyani wina wophika ndi kuchapa matewera. Ameneyo afuna ufa, makala, sopo, ndiwo. Kunyumba kwatsala ana ena, geni ya tomato yaima.

Mnzathuyo anasunga kabuku ka kuchipatala, kolembedwa kale zoti apite ku Queens, m'chikwama masabata angapo osauza munthu, chifukwa cha manyazi. Apongozi ake ankati ndi zamasalamusi, nkhuku ziwiri zinathera kwa sing'anga. Bambo a mwanayo anatsala pang'ono kukatenga katapila.

Nditazimva ndinazibweretsa pamsonkhano, ndipo panavuta. Ena anagwira malamulo a gulu, ati thumbalo tinapangana kuti ndi la maliro. Mayi wina wachikulire, amene nthawi zambiri salankhula, anangofunsa kuti, "Ndiye tidikire kaye mwanayu amwalire, ndi pamene timuthandize?" Panali zii. Tsiku lomwelo tinasintha lamulo: mwana akalemberedwa kuti apite kuchipatala chachikulu, thiransipoti ituluke pompopompo, osadikira msonkhano, ndipo si ngongole.

Zinazo zinabwera m'njira zake. Mng'ono wanga wa ku Ndirande ankapititsa phala ndi madzi otentha m'fulasiki. Mlongo wake wa mayiyo, amene ali ku Joni, atauzidwa chilungamo anatumiza ndalama, ife n'kumaziika pang'onopang'ono pa Airtel Money ya mayiyo. Wina anati tijambule mwanayo timwaze pa WhatsApp anthu asonkhe. Ndinakana. Sindikunyoza ochita zimenezo, pena palibe njira ina, koma chithunzi cha mutu wa mwana wa eni chikalowa m'mafoni sichitulukanso, ndipo mayi wake anali asanafunsidwe n'komwe.

Opaleshoni inatheka, mwanayo pano akutha kukhala pansi yekha. Koma ulendo wa ku Blantyre sunathe. Pali masiku okamuonanso dokotala, komanso kachubu kaja kamatha kutsekeka: mwana akayamba kusanza, kungogona, liwombo n'kutukukanso, n'kunyamuka nthawi yomweyo. Ndalama ya ulendo wotere ndinaipatula, ili mu envulopu yakeyake. Pano gulu likukangana zina: ena akuti lamulo latsopanoli likhudzenso akuluakulu, ena akuti thumba litha mwezi umodzi. Tikambirananso Lachinayi.