Zikomo nonse amene munatithandiza pa mawu oti "chosaneneka"

Ntchito yomasulira kabuku ka mapemphero ija yatha. Ife omasulira tikuthokoza inu aphunzitsi, abusa ndi agogo athu amene munatigwira dzanja titakakamira pa liwu limodzi la Chingerezi, ineffable.

Aphunzitsi a Chilatini, zikomo potiphwanyira liwuli. Linachokera ku ineffabilis, ndipo lili ndi zidutswa zinayi: in- akukana, ex- ndi kutulutsa kunja, fari ndi kulankhula, -bilis ndi kutheka. Ex- akakumana ndi f amasanduka ef-, n'chifukwa chake ma f ndi awiri. Fari yemweyo ndiye anabala infans, khanda losatha kulankhula.

Inu a malamulo a Chichewa munatipulumutsa pa cholakwa chachikulu. Tinali titalemba "chosanenedwa". Koma -edw- amangosonyeza kuti palibe wachinena, mwina chifukwa cha mantha kapena mwambo. Kutheka kumakhala mu -ek-: nena, neneka, kenako -sa- n'kukana, chosaneneka. Tsinde lokhala ndi e kapena o limatenga -ek-, la a, i kapena u limatenga -ik-, motero timati chosafotokozeka koma chosasimbika. Munationetsa kuti Chichewa chinamanga liwu lake ndi nzeru yofanana ndi ya Chilatini popanda kubwereka kanthu.

Abusa odziwa Chigiriki, munatichenjeza kuti mavesi sagwiritsa liwu limodzi. Pa 1 Petro 1:8 pali aneklaletos, chimwemwe chimene pakamwa sipangachitulutse. Pa 2 Akorinto 9:15 pali anekdiegetos, mphatso imene sungaifotokoze mpaka kumapeto. Koma arrhetos wa pa 2 Akorinto 12:4 ali ndi nkhope ziwiri, chosatheka kunena ndi chosaloledwa kunena, ndipo vesilo limanenadi za mawu amene munthu saloledwa kuwalankhula. Kuphatikiza zonsezi mu liwu limodzi n'kumunamiza wowerenga.

Agogo, chenjezo lanu ndi limene sitikanalipeza m'buku. Masiku ano anthu akamati "mvula yosaneneka" kapena "anthu osaneneka" amangotanthauza kuchuluka. Liwuli lafooka pakamwa pathu, ndipo ife tikuona kuti pena silingaime lokha. Choncho pamene pemphero likunena za ukulu wa Mulungu tasunga liwu loti "wosaneneka", koma pamene wowerenga akanamva ngati tikuwerenga kuchuluka kwa zinthu talemba "chimene mawu sangachifotokoze".

Ambuye akudalitseni nonse.