Zikomo kwa onse amene munatithandiza kusunga mayina a asilikali otumiza mauthenga

Pa 11 Novembala, nthawi itakwana 11 koloko m'mawa, tinaima chete kwa mphindi ziwiri patsogolo pa mwala umene talembapo mayina a asilikali otumiza mauthenga amene anapita kunkhondo osabwerako, ndipo madzulo a tsiku lomwelo tinatsegula kachipinda kosungiramo zida zimene iwo ankagwiritsa ntchito. Ndikulemba m'malo mwa kagulu kathu ka asilikali opuma, amene ambiri a ife tinakalambira pawailesi ndi pawaya wa lamya, pofuna kuthokoza aliyense amene anatigwira dzanja pantchitoyi, chifukwa patsikulo m'maso munali misozi ndipo mawu anatithera pakhosi.

Kuthokoza kwanga koyamba kupite kwa inu amayi amasiye, ana ndi zidzukulu amene munatsegula masutikesi akale n'kutipatsa makalata, zithunzi ndi timabuku ta ntchito ta okondedwa anu. Ndikudziwa kuti sichinali chapafupi kupereka kwa alendo pepala lokhalo limene lili ndi dzanja la bambo anu. Amayi ena achikulire anatiuza kuti kwa zaka zonsezi ankachita manyazi kunena za ntchito ya amuna awo, chifukwa anthu akafunsa, yankho linali lakuti ankanyamula wailesi, ndipo wofunsayo ankaoneka ngati wagwa mphwayi. Amayi, ndikubwereza pano zimene ndinakuuzani tsiku lija. Munthu wonyamula wailesi amayenda pafupi ndi mkulu wolamula nkhondo, mlongoti wake umaonekera patali, ndipo mdani aliyense wodziwa nkhondo amayamba walasa iyeyo, podziwa kuti gulu limene silikumvana ndi anzake latha kale ngakhale lili ndi zipolopolo zodzaza.

Vuto la ntchito yathu n'lakuti imaoneka pokhapokha ikalephereka. Lamya ikamalira bwino, palibe amene amafunsa kuti ndani wakwawa usiku kukalumikiza waya woduka ndi mizinga, koma ikangoti zii, aliyense amatchula dzina la siginala, msilikali wotumiza mauthenga uja, mokwiya. Pamwambowo tinakamba za Kopolo Cyril Bassett wa ku New Zealand, amene mu Ogasiti 1915 anayala ndi kukonza waya wa lamya paphiri la Chunuk Bair ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, masanasana, zipolopolo zikuvumba, mpaka anapatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri yopatsidwa chifukwa cha kulimba mtima pankhondo. Iye yekha ndiye analandira menduloyo mwa asilikali a gulu lankhondo la New Zealand amene anamenya ku Gallipoli, koma sankakonda kuikamba, chifukwa ankati anzake amene anagwira naye ntchito yomweyo anangolandira mitanda yamatabwa ya pamanda. Mwala wathuwu ndi wa anthu a mitanda yamatabwa aja.

Ndithokozenso anyamata ndi atsikana ophunzira za mbiri yakale amene munadzipereka kufufuza m'mabuku a mayina popanda malipiro. Ife tinkaganiza kuti ndi ntchito ya miyezi ingapo, kuiwala kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu ndi amene munatizindikiritsa chifukwa chimene mayina a pankhondo yoyamba ya padziko lonse ankatizembera. Gulu la asilikali otumiza mauthenga la Britain, la Royal Corps of Signals, linakhazikitsidwa mu 1920, nkhondoyo itatha kale, kotero kuti otumiza mauthenga a gulu lankhondo la Britain amene anafa pakati pa 1914 ndi 1918 analembedwa pansi pa gulu la asilikali amisiri la Royal Engineers, ndipo enanso ambiri analembedwa pansi pa magulu a asilikali oyenda pansi amene ankatumikiramo, popanda chizindikiro chilichonse chosonyeza ntchito yawo. Munayenera kuwerenga makalata ndi mabuku olembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, mzere ndi mzere, kuti mupeze kuti wakutiwakuti anaphedwa akukonza waya kapena akuthamanga ndi uthenga m'thumba.

Munationetsanso malire a zolembedwazo. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene linayamba mu 1917 ndipo limasamalira manda ndi mayina a anthu pafupifupi 1.7 miliyoni, linavomereza mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pankhondo yoyamba ija, ambiri a iwo a ku Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ndipo ena sanakumbukiridwe n'komwe. N'chifukwa chake pansi pa mwala wathu tasiya malo osalemba kanthu. Ena anatiuza kuti malowo akuoneka ngati ntchito yosamaliza, ndipo tinawayankha kuti ndi yosamalizadi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiseketsa ndi kundipweteka nthawi imodzi. Nkhunda yotchedwa Cher Ami, imene amati mu Okutobala 1918 inafikitsa uthenga wa asilikali a ku America ozingidwa m'nkhalango ya Argonne ku France ngakhale inali italasidwa, ikusungidwa mpaka lero ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Smithsonian mumzinda wa Washington, ndipo ana asukulu amalidziwa dzina lake. Sindikuichitira nsanje mbalameyo, inagwiradi ntchito. Koma amuna amene anatumidwa ndi mauthenga kuchokera m'nkhalango yomweyo n'kuphedwa kapena kugwidwa panjira, ndi ochepa amene angawatchule.

Kwa inu amisiri amene munakonza zida za m'kachipinda kaja, zikomo chifukwa cha luso komanso chifukwa chotiletsa kupupuluma. Ife tinkafuna kungolumikiza wailesi yakale ya mtundu wa Wireless Set No. 19 kumagetsi kuti timve ngati ikulira, koma inu munatichenjeza kuti wailesi ya mavalavu imene yakhala zaka zambiri osayatsidwa ikhoza kupsa nthawi yomweyo ngati tizipangizo take tosunga mphamvu ya magetsi sitinapimidwe. Munatiuzanso kuti utoto wowala usiku umene uli pa zida zina za nthawi ya nkhondo yachiwiri uli ndi radium, mankhwala otulutsa cheza choopsa m'thupi, choncho si wopala kapena kupukuta ndi manja. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo chifukwa cha inu alendo akutha kuona wailesiyo, malamya a kunkhondo opukusa ndi dzanja, mbendera zotumizira zizindikiro, nyali, ndi mkukuluzi wa waya umene msilikali ankaubereka kumsana, zonse zili bwinobwino mkati mwa galasi.

Sindingaiwale bambo wokalamba kuposa tonsefe, amene anabwera panjinga ya olumala atanyamula m'kansalu kiyi yake ya Morse, kachitsulo kogogoda potumiza mauthenga a timadontho ndi timizere. Lipenga litatha kulira, iwo anaika chala pakiyiyo n'kugogoda zilembo ziwiri, S ndi K, zolumikizidwa pamodzi, chimene ndi chizindikiro chakuti kulankhulana kwatha ndipo wotumizayo watseka. Achinyamata anangomva kulira kwa kachitsulo, koma ife amene tinaphunzira timadontho ndi timizere tija tinaweramitsa mitu. Bambo, dzanja lanu linkanjenjemera mukutsika m'galimoto, koma pakiyi silinaphonye ngakhale kadontho kamodzi.

Tikuthokozanso atsogoleri a mapemphero, woimba lipenga, asilikali amene akadali pantchito amene anabwera atavala yunifolomu kudzaperekeza mabanja, wosema mwala amene anavomera kukonzanso dzina limene tinalakwitsa kalembedwe kake, ndi onse amene munasonkha ndalama mosafuna kutchulidwa. Banja la mwini dzinalo litikhululukire, kulakwa kunali kwathu.

Kwa mabanja amene mukadali ndi katundu wa malemu kunyumba, pempho lathu ndi ili. Ngati muli ndi chida chilichonse chogwiritsa ntchito mabatire, achotsenimo, chifukwa akachucha amadya chitsulo ndi waya. Zithunzi musazimate ndi guluu kapena tepi, ndipo makalata musawakute ndi pulasitiki yotenthetsa, popeza zikatero sizichokanso. Lembani ndi pensulo kuseri kwa chithunzi dzina la munthuyo, nambala yake ya usilikali ndi gulu limene ankatumikira, pamene amene akumudziwa akadali moyo. Amene simukufuna kusiyana nazo zinthuzi, bwerani nazo tidzangozijambula ndipo mudzabwerera nazo tsiku lomwelo. Wosema mwala uja watilonjeza kuti dzina lililonse limene lidzatsimikizike adzalilemba pamalo tinasiya aja tsiku la 11 Novembala la chaka chamawa lisanafike.